Uhedi ndikuufuna, koma ndiyambire pati?

Nachisale wa ku Bangwe: Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa kupulayimale, ndipo chidwalireni ahedi athu, ine ndi adepyute ndi amene tikugwirizira ofesi. Tsopano kukumveka zoti malo a uhedi atsegulidwa, kuboma komanso kusukulu zina za mishoni. Mtima ukufuna ndithu, koma intavyu ya mtundu umenewu sindinalowepo. CV yanga ndi ija ndinalemba nditangotuluka ku TTC, kukoleji ya aphunzitsi. Inu amene munadutsamo, amafunsa zotani? Munthu amakonzekera bwanji?

Mbewe wa ku Lunzu: Asisi, tisanafike kwa CV. Kugwirizirako muli ndi kalata yake? Kapena anangoti "tagwirani makiyi awa"?

Nachisale wa ku Bangwe: Pakamwa basi achimwene. Koma a PEA, alangizi a maphunziro a zoni yathu, akudziwa, a komiti ya sukulu akudziwanso.

Mbewe wa ku Lunzu: Ndiye papepala ndinu mphunzitsi wamkalasi, basi. A PEA akudziwawo mawa akasamutsidwa, adzakuikirani umboni ndani? Pitani ku TDC, komwe kuli ofesi ya a PEA, sabata ino, mukapemphe kalata ya sitampa yonena kuti kuyambira mwezi wakuti mwakhala mukugwira ntchito zakuti ndi zakuti. Mukachedwa mudzaifuna tsiku lotseka kulandira makalata litafika kale.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Mbewe lero walankhula zanzeru, mvula igwa. Zoona mwana wanga, yamba ndi kalatayo. Ine ndinagwirapo ntchito ya u-PEA ndisanapume, ndipo ndinakhalapo pampando wofunsa anthu. Ambiri amabwera ndi nkhani yokoma koma yopanda pepala. Ofunsa samva za "aliyense akudziwa".
China, uyambe waona giredi yako. Chilengezo chikatuluka chimanena poyera giredi yomwe munthu ayenera kukhala ali nayo komanso zaka zomwe wakhala pa girediyo. Ukakhala kuti sukukwana, kalata yako imagwera pambali isanawerengedwe n'komwe. Zokweza aphunzitsi a boma zimalengezedwa poyera, ndiye uzitsatira nyuzi, The Nation ndi The Daily Times, komanso bolodi la ku TDC ndi ku ofesi ya maphunziro. Usadalire zithunzi zozungulira pa WhatsApp zokha, zina zimakhala za chaka chatha.

Ahedi Opuma a ku Chilomoni: Ndalowa mochedwa, ndinali kumaliro. Mayi Nachisale, mundilole ndilembe motalikitsa pang'ono, mukatopa mudumphe.
Cholakwika chachikulu cha aphunzitsi pokonzekera uhedi n'choti amakawerenga za kaphunzitsidwe. Kaphunzitsidwe mumadziwa kale, ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku. Ofunsawo akufuna kudziwa ngati angakusiyireni ndalama, mabuku a ofesi, ana a eni ake ndi aphunzitsi anzanu, iwo n'kumagona tulo. Ndiye mwayi wanu ndi ofesi mukugwirizirayo. Mawa m'mawa ana asanayambe kusesa, tsegulani kabati, mutulutse mabuku onse, muwayale patebulo. Log book, buku losainira aphunzitsi, kaundula wolembera ana atsopano, buku la alendo, buku la katundu wa sukulu, cash book, mafayilo a maminitsi a komiti ndi a PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Buku lililonse mudzifunse: amalembamo ndani, liti, ndipo likasowa chimawonongeka n'chiyani?
Log book muiwerenge kuyambira tsamba loyamba. Mupezamo mbiri yonse ya sukulu yanu: tsiku lomwe denga la Sitandade 3 linasasuka, tsiku lomwe kunabwera oyendera sukulu ndi zomwe anadandaula, tsiku lomwe makolo anakwiya chifukwa cha ndalama za mlonda. Muonenso masamba omwe ali mbee, miyezi yathunthu osalembamo kanthu. Pamenepo ndi pomwe mudziwe kuti ofesi inkagona.
Kenako cash book. Tengani mzere umodzi wokha, tinene kuti munalembedwa kuti anagula choko ndi mapepala. Utsatireni mpaka kumapeto. Kodi chinthucho chinalipo mu SIP, pulani yotukula sukulu? Komiti inavomereza pamsonkhano uti, maminitsi ake ali kuti? Makoteshoni alipo? Anasainira kubanki ndi ndani? Lisiti ili ndi sitampa? Katunduyo analowetsedwa m'buku la katundu? Mukatha kuyankha mafunso amenewa pa mzere umodzi, funso lililonse la ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, simungagwe nalo. Ahedi ambiri amene ndinawaona akutsitsidwa sanagwe chifukwa chosadziwa kuphunzitsa. Anagwa ndi malisiti.

Nachisale wa ku Bangwe: Zikomo kwambiri abambo. Cash book ija amasunga ndi adepyute, ndipo sakonda kuti munthu aziigwiragwira.

Ahedi Opuma a ku Chilomoni: Musawalande. Apempheni kuti akuphunzitseni. Munthu amene amakana kuonetsa buku, kawirikawiri sakana kukhala mphunzitsi wako. Koma dziwaninso kuti mwina nawonso akuufuna mpando womwewo, ndiye pakamwa muzisamala.

Mbewe wa ku Lunzu: Zonsezi n'zabwino madala, koma tisanamizane. Malo ena amakhala atapatsidwa kale eni ake, intavyu imangokhala mwambo. Wopanda womudziwa amangokaperekeza.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Wabwerera ku khalidwe lako. Mbewe, sindinena kuti dziko lino ndi la angelo. Koma nyimbo imeneyi ndi imene imagonetsa anthu. Ndinaona ndi maso anga munthu akufunsidwa kuti atchule ntchito za komiti ya sukulu n'kumasakaniza ndi za PTA, potuluka n'kumauza anzake kuti anamukondera. Anamukondera ndani? Pa ofunsa anthu angapo, aliyense ndi pepala lake la malikisi, wosakonzeka amaonekera patali.

Mbewe wa ku Lunzu: Amayi, ine ndangonena zomwe anthu amanena m'minibasi.

Anaphiri a ku Zingwangwa: M'minibasi mulibe intavyu.

Ticha wa Physics: Kkkkk amayi mwamumaliza. Koma ndifunse nawo, kusiyana kwa komiti ndi PTA n'kotani kwenikweni? Ife akusekondale zina timangozimva.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Mwachidule, komiti ya sukulu ndi imene imayang'anira kayendetsedwe ka sukulu m'malo mwa anthu a m'dera: mapulani, chuma, zomangamanga. PTA ndi bwalo lokumanirana makolo ndi aphunzitsi, komwe nkhawa za makolo zimatulukira ndiponso komwe komiti imakafotokoza zomwe yachita. Palinso Mother Group, amayi amene amatsata atsikana ojomba ndi osiya sukulu. Mhedi amagwira ntchito ndi magulu onsewa, kuphatikizapo mafumu. Kuno kutauni anthu amaiwala mafumu, koma pitani ku Ndirande kapena ku Bangwe komweko mukayese kumanga mpanda wa sukulu osawauza, muona.
Nachisale, tsopano zowerenga. Usaunjike mabuku. Peza Education Act ya 2013, ndi imene inanena kuti maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Maphunziro aulere anayamba 1994, ndipo ena amasokoneza zaka ziwirizi. Peza National Education Standards za 2015, zomwe oyendera sukulu amagwiritsa ntchito. Usangoziloweza ayi, uyeze nazo sukulu yako: apa tili bwino, apa tili pansi, ndikanakhala mhedi ndikanayambira apa. Udziwenso mitu itatu ya pulani ya maphunziro ya dziko lino, NESIP ya 2020 mpaka 2030: mwayi wofanana wolowa sukulu, ubwino wa maphunziro, ndi kayendetsedwe kabwino. SIP ya sukulu yako imatsata mitu yomweyi. Malawi 2063, masomphenya a chitukuko cha dziko lino, uidziweko ndithu, masiku ano ovala masuti sangamalize chiganizo osaitchula. Koma usakaiyimbe ngati ndakatulo, ukanene kuti mwana wa Sitandade 2 wosadziwa kuwerenga akukhudzana nayo bwanji.

Nachisale wa ku Bangwe: Amayi, Chingerezi ndiye chimandiopsa. M'kalasi ndimayankhula bwinobwino, koma pamaso pa akuluakulu lilime limauma.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Mankhwala ake ndi kuyankhula mokweza, osati kuwerenga chamumtima. Peza mnzako wankhanza pang'ono, akhale kuseri kwa tebulo, akufunse osamwetulira. Udzijambule pafoni, udzimvere. Upeza kuti yankho lomwe m'mutu limaoneka lalifupi, pakamwa likuzungulira mpaka ku Chileka. Ofunsa safuna Chingerezi cha pa wailesi. Amafuna yankho lokhala ndi mutu: vuto ndi ili, lamulo likuti chakuti, ine ndingachite izi, ndipo ndingadziwitse akutiakuti.

Ticha wa Physics: Ine ndili pa CDSS ina kuno ku Machinjiri, ndili ndi dipuloma. Anzanga akuti popanda masters uhedi wa kusekondale ndiiwale. Zoona?

Nangondo wa ku Limbe: Achimwene, mwadumpha masitepe. Yambani ndi digiri. Ku Domasi, ku Nalikule, ku UNIMA, ku Mzuni, njira zilipo, zina zophunzira uli pantchito. Pamene mukudikira, landirani ntchito zomwe anzanu amazithawa: kukonza timetable, kuyang'anira mayeso a MANEB pasukulu, kukhala mkulu wa dipatimenti ya sayansi, komiti ya mwambo. Zimenezo ndi zomwe zimadzaza CV ya mtsogoleri. Masters yopanda kutsogolerapo ngakhale kalabu ya wildlife imangokongoletsa khoma.

Ticha wa Physics: Timetable ndimakonza ndine kale, koma sindinkaiona ngati ya pa CV.

Nangondo wa ku Limbe: Ilembeni. Ndipo musangoti "ndimakonza timetable". Nenani kuti ya makalasi angati, aphunzitsi angati, ndipo munathetsa vuto lanji, monga kusowa kwa aphunzitsi a sayansi. Manambala ake akhale oona, chifukwa amafunsa.
Poti Nachisale anatchula za mishoni, ndiyankhulepo za sukulu zomwe si zaboma, ndi komwe ndili ine. Kusukulu za mishoni mwini sukulu ndi mpingo, kaya ndi Blantyre Synod, kaya ndi Archdiocese ya Blantyre, kaya ena, ndipo mawu awo pa nkhani ya mhedi amamveka. Ndiye dziwani mbiri ya sukuluyo ndi zomwe eni ake amalemekeza, musakalowe ngati mlendo wosochera.
Kupulayiveti ndi dziko lina. Mwini sukulu mafunso ake enieni ndi awiri: ana achuluka bwanji, ndipo akhoza bwanji mayeso. Lachitatu lomwe sanena mokweza ndi loti fizi mutolera bwanji. Ine ndisanafike pomwe ndili pano ndinagwirako pasukulu ina, dzina ndisatchule. Pa intavyu anandilonjeza nyumba ndi thiransipoti. Nditayamba, nyumba ija inasanduka kachipinda kosungira matebulo othyoka, malipiro a aphunzitsi ankabwera pakati pa mwezi wotsatira, ndipo amene ankatukwanidwa mu sitafu rumu ndinali ine, mwini wake ali ku Johannesburg kokaoda katundu. Choncho nanunso muzifunsa. Sukuluyi inalembetsedwa ku unduna? Aphunzitsi ake analembetsa ku Teachers Council of Malawi? Kontirakiti ilipo yolembedwa? Penshoni amapereka? Lamulo limati olemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ndani amalemba ndi kuchotsa aphunzitsi, mhedi kapena mwini? Akayamba kuzemba mafunso amenewa, mwayankhidwa kale. Ndipo amene muli m'boma musathamangire kusiya ntchito chifukwa cha lonjezo la pakamwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mbewe wa ku Lunzu: Apa ndiye ndikugwirizana nanu asisi. Komanso funso lomwe palibe wafunsa: Nachisale, akakupatsani uhediwo n'kukutumizani kwa Kunthembwe kapena kwa Lundu, mupita? Blantyre si Bangwe yekha. Blantyre Rural ndi Blantyre yemweyo. Bambo a kunyumba mwawauza?

Nachisale wa ku Bangwe: Tinakambiranapo pang'ono. Iwo ntchito yawo ili ku Limbe, ana awiri ali kusekondale konkuno.

Anaphiri a ku Zingwangwa: "Pang'ono" sikukwana. Mukhale pansi mumalize nkhaniyo musanalowe m'chipinda cha intavyu, chifukwa funso loti "kodi ndinu okonzeka kugwira ntchito kulikonse" limabwera ndithu. Azimayi ambiri odziwa ntchito amathera pa udepyute m'tauni muno chifukwa cha nkhani yomweyi, pomwe kumudzi atsikana akukula osaonapo mhedi wamkazi. Sindikukukakamiza, banja ndi lako. Koma usakayankhe kuti inde kenako n'kudzayamba kuyenda m'maofesi ndi makalata a kuchipatala.

Che Jafali Zovala: Masuti a intavyu alipo, achimuna ndi achikazi, mitengo yabwino, ndili mu Limbe pafupi ndi msika. Inbox.

Admin: Che Jafali, malonda ndi Loweruka. Ndakuchenjezani kokwanira.

Mbewe wa ku Lunzu: Asiyeni a Admin, nawonso akukonzekeretsa anthu kkkk.

Ahedi Opuma a ku Chilomoni: Poti zovala zatchulidwa, valani zoyera bwino ndi zokukwanani, basi. Chofunika kwambiri ndi fayilo. Masatifiketi enieni mbali imodzi, mafotokope otsimikizidwa ndi sitampa ya a commissioner for oaths mbali ina, chitupa cha unzika, kalata yolembedwera ntchito, kalata yokhazikitsidwa pantchito, kalata ya kukwezedwa komaliza. Muone ngati dzina likufanana pamapepala onse. Azimayi ambiri MSCE ili ndi dzina la bambo awo, mapepala a ntchito ali ndi la amuna awo. Zimenezo konzeranitu, musakazifotokozere pakhomo. Anthu okuikirani umboni muwapemphe kaye, ndipo akhale oti anakuonani mukugwira ntchito, osati amalume chifukwa choti ali ndi udindo kwinakwake.
Ndiwonjezere za mafunso a "mungatani". Kuno ku Blantyre musadabwe akakufunsani za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche, anthu a ku Chilobwe ndi madera ena n'kukhala m'makalasi, sukulu zitasanduka misasa. Chaka chomwecho mu Januwale sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Mhedi wa nthawi imeneyo ankayenera kudziwa kuti mabuku ndi madesiki awateteza bwanji, zimbudzi zikwana bwanji, ana a Sitandade 8 awabwezera bwanji nthawi yotayika mayeso awo a PSLCE asanafike. Ngati munalipo pasukulu panu nthawi imeneyo, kumbukirani zomwe munachita ndi manja anu. Yankho lochokera pa zomwe unaziona limamveka mosiyana ndi loloweza.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Tiyeni timuyese pompano. Nachisale, yankha ili. Ndiwe mhedi. Lolemba m'mawa kwabwera mayi akulira, akuti mwana wawo wa Sitandade 7 ali ndi pakati, ndipo mwanayo watchula mphunzitsi wa pasukulu pako. Mphunzitsiyo ndi amene amakhozetsa ana masamu, ndiponso ndi mnzako wa kutchalitchi. Utani?

Nachisale wa ku Bangwe: Eee amayi, mwayamba ndi chovuta. Ndingawalowetse mayiwo mu ofesi, ndiwakhazike mtima pansi. Kenako ndingaitane mphunzitsiyo ndi mwanayo kuti ndimve mbali zonse, ndiitanenso a komiti ndi a mfumu tikambirane. Zikapezeka zoona, mphunzitsiyo ndimuchotse ntchito, mwanayo adzabwerere akadzachira.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Poyambira ndi pomalizira pali bwino, pakati pagwa. Choyamba, mwana sumukhazika pamodzi ndi munthu amene akumutchula. Angayankhule bwanji pamaso pa aphunzitsi ake? Chachiwiri, iyi si nkhani yokambirana pansi pa mtengo kuti anthu apepesane. Mwana wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo a dziko lino, ndiye uwu ndi mlandu. Umalemba zomwe wauzidwa, umadziwitsa a PEA ndi ofesi ya maphunziro tsiku lomwelo, nkhani imapita kupolisi ku Victim Support Unit ndi kwa a zachisamaliro cha ana. Mwanayo athandizidwe kuchipatala, ku Queens kuli One Stop Centre ya nkhani zoterezi. Nambala ya foni ya 116, yothandizira ana, uidziwenso. Chachitatu, mhedi sachotsa ntchito mphunzitsi wa boma. Mphamvu imeneyo ulibe. Iwe umalemba lipoti, akuluakulu ndi amene amamuimitsa ndi kuweruza. Ukakanena kuti "ndimuchotsa", ofunsa adziwa kuti malire a mpando sukuwadziwa. Za kubwerera kusukulu wanena bwino, ndondomeko yolola atsikana kubwerera akabereka inayamba 1993, ndipo a Mother Group ndi amene angakuthandize kumutsata. Uwonjezere kusunga chinsinsi, nkhani isafike mu sitafu rumu kudzera mwa iwe.

Mbewe wa ku Lunzu: Koma amayi, pansi pano zimachitika choncho? Makolo ena amabwera okha kudzapempha kuti nkhani ithere pakhomo, mphunzitsi azingopereka ya sopo.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Zimachitika, n'chifukwa chake amafunsa. Akufuna aone ngati udzagonje makolo akadzayamba kukuchonderera, mnzako wa kutchalitchi akulira mu ofesi.

Nachisale wa ku Bangwe: Ndalemba zonse m'kope. Ndipatseni lina.

Ahedi Opuma a ku Chilomoni: Langa ndi ili, koma musayankhe lero, mukagone nalo. Mwafika pasukulu yatsopano. Adepyute ndi aakulu kwa inu ndi zaka zambiri, akhala pamenepo kuyambira kale, ankayembekezera kuti mpando ukhala wawo, ndipo theka la aphunzitsi lili kumbali yawo. Phala la ana likuchedwa kuphikidwa chifukwa amayi odzipereka anakangana ndi komiti pa nkhani ya nkhuni. Sitandade 1 ili ndi ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi. Sabata yoyamba muyamba ndi chiti, ndipo chifukwa chiyani?

Ticha wa Physics: Ine ndikanayamba ndi phala. Mwana wanjala samva.

Nangondo wa ku Limbe: Ine adepyute. Amenewo mukapanda kuwakoka, ngakhale nkhunizo simuzipeza, ndi amene akudziwa kuti mkangano unayambira pati.

Mbewe wa ku Lunzu: Ine ndikanapempha transifa.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Iwe n'chifukwa chake sitikukuitana. Enanu amene mukufuna kuyeserera, Loweruka masana ndimakhala ndili pakhomo. Tikhale anthu ochepa, aliyense abwere ndi fayilo yake ndi CV yosindikiza, tizifunsana m'Chingerezi mpaka manyazi athe. Ahedi, mubwere mudzakhale wapampando, nkhope yanu ija ndi yoopsa mokwanira.

Ahedi Opuma a ku Chilomoni: Ndibwera ndikatuluka ku kwaya. Mayi Nachisale mutenge fotokope ya SIP ya sukulu yanu, ndidzakufunsani kuchokera m'menemo.

Ticha wa Physics: Akusekondale tikuloledwa?

Anaphiri a ku Zingwangwa: Bwera, koma mipando ndili nayo yochepa. Ukachedwa ukhala pa ndowa.